Matikiti Atatu a ku St. Barth

Verna, mng'ono wanga, atafika kutchuthi kuchokera ku Rotterdam, anayamba nkhani ya chilumba cha St. Barth asanamasule n'komwe sutikesi. Ankafuna kuti tonse atatu, iyeyo, ine ndi ababa, tikachezeko tsiku limodzi, kunyamuka m'mawa n'kubwerako madzulo. Anandionetsa zithunzi pafoni: malo odyera a m'mbali mwa nyanja, ndi maboti a anthu olemera atandanda padoko la Gustavia.

Ine ndimayala mabedi pahotela ina ku Maho, zipinda khumi ndi zinayi patsiku. Tsiku langa lopuma ndimafuna mpando ndi beseni la madzi otentha loviikamo mapazi, basi. Ndinkadalira kuti ababa akana, chifukwa chiwavutireni mawondo sankatuluka pakhomo pathu ku French Quarter. Koma anavomera. Pa unyamata wawo anamanga makoma amiyala pachilumbacho zaka zoposa makumi awiri, ndipo anati akufuna akaone Hippolyte Lédée wa ku Corossol, mnzawo amene ankaponda naye simenti.

Verna anagula matikiti atatu a boti, n'kuona ngati ulendo wakonzeka. Zotsala zonse zinagwera ine.

Chiphaso cha ababa chinali chitatha ntchito kalekale, moti ndinakaima pamzere ku Marigot m'mawa kawiri konse. Ndinaimbira ku ofesi ya boti kufunsa ngati nkhalamba ya ndodo ingakwere. Mayi amene anayankha anati ikwera, koma nyanja ya pakatipo siseka ndi munthu, tikakhale mipando yakumbuyo. Ndinakafunsa adokotala ngati mankhwala oletsa kusanza angayenderane ndi a kuthamanga kwa magazi. Ndinapempha mnzanga wa kuntchito kuti tisinthane tsiku, atavomera Verna anasintha maganizo, akuti foni ikunena kuti Lachiwiri kuchita mitambo ndiye zithunzi sizidzaoneka bwino. Ndinabwereranso kwa mnzangayo ndi manyazi, tinagwirizana Lachinayi.

"Achemwali inu, nkhope ngati mukukonza maliro," anatero Verna akuyesa chipewa chatsopano pagalasi. "Ndi ulendo wokasangalalatu uwu."

"Ukasangalale bwino. Ine ndingonyamula thumba la mankhwala."

Chinatsala n'kupeza Hippolyte. Nambala imene inali m'kabuku ka ababa inali itafa. Ndinayesa kutchalitchi cha kumeneko, anandipatsa nambala ya golosale, kugolosaleko anandipatsa ya mayi wina wa ku Corossol. Mayiyo ndinamupeza Lachiwiri masana, ndili m'chipinda cha alendo, mapilo ali m'khwapa. Anati a Lédée anasamuka zaka zitatu zapitazo, amakhala kwa mwana wawo Odile ku Grand Case kuti akhale pafupi ndi chipatala.

Grand Case, pachilumba chathu chomwechi, pa minibasi sipatha ndi theka la ola. Ndinakhala pabedi limene ndinali nditangoyala kumene, zomwe sitiloledwa, ndipo ndinalephera ngakhale kuseka.

Nditaweruka ndinawapeza ababa pakhonde akusenda malalanje. Ndinawafotokozera. Iwo anangoti, "Nanga kunyanjako tikukatani?"

Verna anapsa mtima. Ananena za tebulo limene anasungitsa, za diresi, za ndege ya maola ambirimbiri imene anakwera kuti adzatisangalatse. Ababa anamuuza modekha kuti makomawo anamanga ndi iwo, akuwadziwa mwala uliwonse, iyeyo apite akawaone. Apo Verna anayamba kulira, akuti nthawi zonse akabwera timamusandutsa mlendo, chilichonse chimene wabweretsa timachilandira ngati katundu wolemera. Mwina sankanama. Ndinayenera kumutonthoza, koma mphamvu zinali zitandithera. Ndinalowa kukhitchini n'kuyamba kukazinga nsomba yamchere.

Lachinayi Verna anakwera boti ndi msuweni wathu Lucille, tikiti yachitatu inangowonongeka. Ine ndi ababa tinakwera minibasi cha m'ma teni koloko. Anavala malaya awo a kutchalitchi, ndipo njira yonse ankandifunsa ngati ndanyamula ma johnny cake, mandasi akwathu, amene anandiuza kuti ndikazinge.

Hippolyte tinamupeza pakhonde lam'mwamba la nyumba yosanja, atawonda kwambiri, miyendo atafunditsa thaulo. Anawayang'ana ababa kuyambira kunsapato mpaka kumutu, n'kuwatchula dzina.

"Gumbs. Ukadali moyo iwe?"

"Ndikudikira uyambe ndiwe. Pa ntchito paja unkachedwa, panonso ukuchedwa."

Sanakumbatirane. Ababa anakhala pampando wa pambali pake, onse n'kumayang'ana msewu. Posakhalitsa anali atayamba kukangana za khoma lina la ku Colombier limene linapendekera, wina akuti anakhotetsa chingwe ndi mnzake. Anatchula mayina a anzawo mmodzimmodzi, n'kumauzana amene anamwalira. Pa dzina lina Hippolyte anapukuta m'maso ndi ngodya ya thaulo lija.

Odile, mayi wa msinkhu wanga wa maso olemera ngati anga, anandikokera mpando pamthunzi n'kundipatsa madzi ozizira. Sitinalankhule zambiri. Anangondifunsa ngati ababa anga nawonso amabisa mapiritsi m'thumba la malaya, ndinati inde. Foni inanjenjemera, uthenga wa Verna: wasanza njira yonse, chipewa chauluka ndi mphepo, koma kumeneko n'kokongola. Ndinayamba kulemba yankho, tulo tinanditenga ndisanamalize.

Odile anandidzutsa cha m'ma folo. Khosi linali litauma. Ababa anali ataimirira kale, ndodo m'manja, akuuza Hippolyte kuti tibweranso sabata yamawa, ngati kuti anali atandifunsa. Ndinati tiona.

Masitepe a nyumbayo analipo khumi ndi awiri. Tinatsika imodziimodzi, iwo atandikoloweka dzanja paphewa, kupumira pakati kawiri. Ndinkayenera kukawasiya kunyumba, kuwamwetsa mankhwala a madzulo, kenako n'kukachingamira Verna kudoko hafu sikisi. Pamsewu minibasi ziwiri zinadutsa zodzaza. Yachitatu inaima.