Mapiritsi a M'chitini cha Mabatani

Basi inawatsitsa Achemwali mdima utangogwa. Tauni yachilendo, misewu yofanana yokhayokha. Anayenda akuunika manambala a nyumba ndi foni mpaka anaona geti lotsamiridwa ndi matayala akutha. Apa ndiye panali pa mlongo wawo wamng'ono, yemwe anali makaniko.

Anamupeza panja akuzungulirazungulira.

"Mwafika, achemwali? Tiyankhulire konkuno, asamve."

"Ngakhale madzi akumwa osandipatsa? Nena, wandiitanira chiyani?"

"Mkazi wangayu, mawa mukamutule kwa makolo ake. Ndatopa naye." Anatsitsa mawu. "Sagona. Thukuta ngati wathamanga. Supuni ikangogwa, kukalipa mpaka aneba amve. Masiku ena amati akukagula ulusi, nkubwerako chimanjamanja. Kenako ndinapeza izi m'chitini chake cha mabatani."

Anatulutsa kapaketi ka timapiritsi m'thumba la ovolosi.

"Zaka zinayi ndikudikira mwana, iye akumwa zolera! Ena onse ndinataya m'chimbudzi mwezi watha. Awa ndinasunga, akhale umboni."

"Unamufunsa?"

"Ndifunse chiyani? Galimoto ikamadontha oyilo sindiifunsa ayi."

Achemwali anatenga kapaketiko nkulowa. Pabalaza panali makina osokera ndi mulu wa madiresi a eni ake osamalizidwa. Mlamu wawo, telala wodziwika kale ndi dzanja lokhazikika, anali ataonda mpaka kumuiwala. Kunja kukutentha chonchi, iye wakulunga sikafu pakhosi. Pobweretsa tiyi, kapu inkalira pasosala.

Achemwali anamuyang'ana kuyambira kuphazi. Dzanja limanjenjemera chonchi popanda mlandu? Nanga pakhosipo akubisa chiyani, zala za ndani?

"Iwe," anauza mlongo wawo, "kandigulire buledi. Usathamange."

Geti litangolira, anaika kapaketi patebulo.

"Mlamu, ichi nchiyani?"

Ankayembekeza bodza. Koma mlamuyo anakalumphira ndi manja awiri.

"Anali ndi amuna anga? Ine kusesa nyumba yonse!"

"Ndiye ukuvomera?"

Mlamuyo anagwira pakhosi. Anamasula sikafu ija. Pakhosi panali potupa ngati wameza dzira.

"Chithokomiro, alamu. Adokotala anati kachiwalo ka apaka kakutulutsa mahomoni ochuluka. Thupi limangothamanga ndili chikhalire. Kankhawa kakang'ono, mtima phaphapha, mkwiyo wosadziwa kochokera. Nditayamba kumwa awa ndinkagona, ndinkalowetsa ulusi pasingano kamodzi. Anatinso mahomoni akakhazikika, mwina ndi mimba yomwe ingabwere."

Achemwali anali atayenda matauni ambiri. Nkhani zokoma anali atazimva zambiri.

"Pepala lakuchipatala lili kuti?"

Mlamuyo anapendeketsa makina osokera nkusolola kabuku pansi pake. Achemwali anafananitsa dzina la mankhwala m'kabukumo ndi la pakapaketi, chilembo ndi chilembo. Linali lomwelo. Masiku okagula ulusi aja analinso momwemo, ndi chidindo chake.

"Atasowa, bwanji sunabwerere kukatenga ena?"

"Ndikanene kuti ndataya mankhwala a miyezi iwiri? Ndinachita manyazi."

"Nanga mwamuna wako osamuuza?"

Mlamuyo anayang'ana kukhomo.

"Mkazi wa mnzawo atadwala, iwo anaseka. Anati mkazi wodwaladwala ali ngati galimoto yakutha, umaigulitsa ikadalira. Ndinali pompo, ndikuwasitira malaya."

Makaniko anabwera ndi buledi wake, nkhope ili gwa. Achemwali anamukankhira kabuku ndi kapaketi.

"Sukulu unapita. Werenga."

Anawerenga ataima. Anawerenganso atakhala. Anayang'ana khosi la mkazi wake ngati akuliona koyamba.

"Ndimayesa..."

"Umayesa! Injini za eni ake umatsegula nkuona mkati. Ya kwako wangoimvera phokoso, nkuchotsa chomwe chimaiziziritsa. Mwana ukumulirayo mwina unamuponya wekha m'chimbudzi muja."

Buledi sanadyedwe.

M'mawa kusanayere bwino, Achemwali anali atavala kale nsapato. Mlamu wawo anatuluka ndi kachikwama, khosi lili pamtunda. Makaniko anawatsekereza pageti, maso ali psuu.

"Mukupita naye kuti?"

"Unati ndikamutule. Ndikukamutula kuchipatala. Akatulukamo asankha yekha basi yokwera."

Makaniko anapatuka. Akazi awiriwo analowa mumsewu. Atafika pokhota, Achemwali anacheuka. Mlongo wawo ankabwera kumbuyo, patali ndithu, wopanda ovolosi, kabuku kaja kali m'manja. Mlamu wawo sanacheuke, koma anachepetsa liwiro.