Chitseko cha Abiti Jaffalie

Nkhwangwa inali m'mwamba pamene mawu anandipeza kumbuyo.

"Ponyani pansi chimenecho! Khalani pansi, manja pamutu!"

Sindinatembenuke msanga, chifukwa mawuwo ndinkawadziwa bwino. Mwini wake ndinakula naye pamphasa imodzi. Ndinaganiza kuti Shafi akusereula, ndipo mtima unandipsa kuti munthu wamkulu angachite bwanji chibwana tsiku la maliro a mayi ake. Nditacheuka ndinaona kuti sanali yekha. Kumbuyo kwake kunali abwana atsopano a paki, ndi azungu awiri ofiira ndi dzuwa, makamera akulendewera m'makosi.

Mudzi wathu uli kuseri kwa mapiri a ku Monkey Bay, nyanja kumaso, paki kumbuyo. Paki inatipeza, sitinaipeze ndife. Itabwera anatiuza kuti phiri si lathunso, ndi la dziko lonse lapansi, ndipo kuyambira pamenepo nkhuni timatola tsiku lololedwa, zouma zokhazokha. Anyani amatsika kudzathyola chimanga chathu masana dzuwa likuswa mtengo, palibe amawamanga. Koma panali chinthu chimodzi chimene alonda onse ankachidziwa ngakhale sichinalembedwe paliponse: za maliro saletsa. Ife Asilamu sitiika munthu m'bokosi. Timakumba kaphanga m'mbali mwa dzenje, n'kugonekamo mtembo, kenako n'kutseka ndi mitengo kuti dothi lisamugwere kumaso. Mitengoyo inkachokera m'phiri. Umangouza mlonda wa tsikulo, iye n'kulondera mbali ina.

Mayi anga, Abiti Jaffalie, anali atanena kale zofuna zawo akudwala.

"Iwe Sadik, usadzanditseke ndi timatabwa togula pamsika. Ndikufuna muwanga wa m'phiri mwathu, chiswe sichiudya. Ndipo udzalowe m'manda ndiwe, udzandiyang'anitse ku Makka ndi manja ako."

Anamwalira kukucha, mwezi wa Okutobala, kutentha kwa kunyanja kuli pachimake. Munthu woyamba kumuuza anali Shafi. Iye ndi mwana wa mayi anga aang'ono, amene anatisiya Shafi asanayambe kukwawa. Mayi anga anamuyamwitsa bere limodzi ndi ine. Atalembedwa ulonda wa paki, yunifolomu yake yobiriwira ankachapa ndi iwo, n'kuiyanika kumaso kwa nyumba kuti odutsa aione. M'mawa umenewo ndinamupeza akumanga zingwe za majombo. Analira mpaka mamina, ndipo ine ndi amene ndinamutonthoza.

"Achimwene, pitani kuseri kwa thanthwe lalikulu lija, kuli muwanga wowongoka," anatero. "Lero wolondera ndine. Dulani mosaopa. Ndi mayi anga amenewa."

Ndiye ndinali kuseri kwa thanthwe lija, mitengo itaunjikana pamapazi panga, mfuti ya m'bale wanga itandiloza pachifuwa.

Ndinamva pambuyo pake kuti azunguwo ndi amene ankathandiza paki. Anabwera mosayembekezeka kudzaona kanjira katsopano ka alendo okwera phiri, ndipo nkhwangwa m'phiri simanong'ona. Mzimayi wachizungu anagwada n'kusisita chitsa chimodzi ngati akusisita mwana wodwala. Mnzake anayamba kundijambula.

"Ukumudziwa ameneyu?" abwana anafunsa Shafi.

"Ndi wa kumudziko, bwana. Anthu ake ndi ovuta."

"Shafi, auze," ndinatero. Sanandiyang'ane. Ndinatembenukira kwa abwanawo. "Bwana, mayi anga amwalira m'mawa uno. Mitengoyi ndi yotsekera m'manda. Tikuika ikangotha swala, pemphero lathu la masana."

"Aliyense amene timamugwira muno amakhala ndi maliro," iwo anayankha. Sanali munthu wankhanza, ndisawanamizire. Anali mlendo, ndipo mlendo amaona ndi maso a amene wamupeza. Anafunsanso Shafi: "Iwe umakhala komweko. Kuli maliro kumudzi?"

Shafi anayang'ana majombo ake.

"Ine sindinamve, bwana."

Ndakhala ndikumenyedwa pa moyo wanga, ndipo ngalawa inandigudubuzapo pa mwera, koma palibe chimene chinandipweteka ngati mawu amenewo. Sindinatukwane, ine amene mudzi wonse umandidziwa pakamwa. Anandimanga unyolo manja kutsogolo, n'kundisenzetsa mitengo ya mayi anga kupita nayo ku kampu ya alonda.

Ananditsekera m'chipinda chosungiramo zolanda. Munali maukonde ong'ambika, nkhwangwa za anthu amene ndinkawadziwa mayina, ndi njinga yopanda matayala. Malata ankalira ndi dzuwa. Mlonda wachikulire, a Macloud a ku Ntcheu, anandibweretsera madzi m'botolo n'kukhala panja pa zenera.

"Limbani mtima, bambo," anatero. "Abwana atuma Shafi kumudzi akaone ngati kulidi maliro. Akangobwera mutuluka."

Ndinawakhulupirira. Kuchokera ku kampu kufika kwathu ndi mtunda woti fodya mmodzi satha. Ndinadziuza kuti mwana uja anachita mantha pamaso pa azungu, tonse timachita mantha, tsopano akuthamanga kudzakonza. Phazi lililonse lodutsa panja ndinkaimirira. Kenako mphepo inabweretsa azana wa kumzikiti kwathu, kuitanira swala ya masana. Ndinagwira zitsulo za pazenera n'kuyamba kukuwa ngati wamisala.

"Sabwera, eti?" ndinafunsa a Macloud, mawu atandithera.

Iwo anakanda m'mutu. "Akabwera n'kunena kuti maliro alipo, abwana afunsa kuti ndi a yani. Akatero adziwa kuti wawanamiza pamaso pa alendo. Mwezi uno ndi umene akusankha oti akhazikike pa ntchito. Mukundimva?"

Ndinawamva.

Azunguwo atakwera boti kubwerera ku loji kwawo, a Macloud anakalankhula okha ndi abwana. Sindikudziwa zimene anawauza. Ndinangoona unyolo ukumasulidwa, abwana akuyang'ana kumbali, akunena kuti mitengo ndi nkhwangwa zitsala ngati umboni. Ndinathamanga njira yonse, koma dzuwa linali litapendeka kale, ndipo ndili patali ndinaona amuna atakhala pansi pa mtengo wa mango, makasu atatsamiritsidwa kukhoma, dothi lofiira lili kumaso kwake. Ndinasiya kuthamanga.

Chimene ndinayamba kuona pakhomo ndi nyumba ya mayi ili yasa, yopanda chitseko. Chitsekocho anakhoma bambo anga ndi matabwa a mlombwa chaka chimene anakwatira, paki isanabwere. Chinali cholemera moti tili ana tinkachikankha awiri.

Mlongo wanga Hidaya anatuluka, maso atatupa, n'kundikokera kuseri kwa bafa.

"Achimwene, tinakudikirani. A shehe anadikira mpaka anthu anayamba kung'ung'udza. Kutentha kumeneku mukukudziwa. Amjomba Che Latif ndi amene anati tizule chitseko, tichekecheke."

"Analowa m'manda ndani?"

Anazengereza. "Shafi."

"Shafi?"

"Nanga akanalowa ndani? Si mwana wawo? Anafika thukuta lili kamukamu, n'kutiuza kuti mwagwidwa ndi alonda achilendo ochokera ku likulu, kuti iye wagwada kukupepeserani koma amukanira. Anangovala mkanjo pamwamba pa yunifolomu n'kunyamula nawo jeneza, chonyamulira mtembo. Analira kumanda, achimwene, anthu onse akumuyamikira." Anandiyang'anitsitsa. "Bwanji, achimwene? Chavuta n'chiyani?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuuze. Kenako ndinaona ana ake atatu atakhala pamtondo, akundiyang'ana. Mwamuna wa Hidaya anapita ku Joni ndipo sanamvekenso. Nsomba zinachepa, malo abwino oponya ukonde ali m'kati mwa malire a paki, ndipo ngalawa yanga masiku ambiri imabwera ndi madzi okha. Sopo wa pakhomo paja, mankhwala a mayi, mayunifolomu a ana asukulu, zonse zinkachokera m'thumba la malaya obiriwira aja. Ndikanafuula pabwalo, mawa lake nkhani ikanafika ku kampu. Ndinameza mawu.

Ndinadutsa amuna aja osakhala nawo. Ena anati, "Pepani, Che Sadik, zonse ndi za Allah." Amjomba anagwedeza mutu n'kunena kuti ndithokoze Mulungu pondipatsa m'bale. Azimayi anali atatuluka kukapuma kuseri, choncho ndinalowa m'nyumba ya mayi ndekha. Mphasa yawo inali itapindidwa pakona. Mpango wawo wa kuswala unali pa chingwe, ndipo nkhata imene ankasenzera nkhuni za m'phiri inali pansi pomwe anaisiya. Ndinakhala pamenepo n'kulira koyamba tsiku limenelo.

Kuwala kwa pakhomo kunatsekeka. Anali Shafi. Anawerama n'kumasula majombo, monga mayi anatiphunzitsira, n'kuwaika bwinobwino pakhonde. Mkanjo woyera unali wofiira m'mawondo.

"Odi," anatero, chapansipansi.

Ndinapitiriza kuyang'ana nkhata ija.

"Achimwene, ndawagoneka bwino. Nkhope ndaiyang'anitsa ku Makka. Matabwa ndayala ndekha, dothi silinawakhudze."

"Unamva liti za maliro?" ndinamufunsa.

"Achimwene..."

"Ndikufunsa. Paja m'mawa unali usanamve."

"Mumvetse. Akanandichotsa ntchito pompaja, azungu akuona. Ndiye tikanadya chiyani? Ana a Hidaya akanadya chiyani? Ndinaganiza kuti akusungani pang'ono chabe."

"Anakutuma kuti ukaone, ubwerere."

Kenako ananena mawu amene mpaka lero amandidzutsa kutulo.

"Mitengo ija ndikhoza kukupempherani, akubwezereni."

Ndinadzuka. Sindinafune kumumenya. Ndinkangofuna kuti ndisamuonenso, iye ndi mawondo ake ofiira, kuti nditsale ndekha ndi fungo la mayi anga. Dzanja langa linapita lokha kumene lakhala likupita kuyambira ndili mwana, kufuna chitseko kuti ndimutsekere kunja.

Linangogwira mphepo. Pafelemu panali timabowo ta misomali basi. Shafi anali chiimire pakhomo, wopanda nsapato, akudikira kuti ndimuuze kuti alowe, ndipo pambali pake majombo a paki anali atagundana, dothi la manda a mayi likuuma m'zidendene.