Mphuno ya a Harlan

Lamulo lija analiika okha a Harlan Tackett, ndipo m'gulu monse munalibe wosalidziwa: tsiku lokasankha mgolo munthu asadzole chonunkhira chilichonse. Sopo wa maluwa ayi, fodya ayi, ngakhale anyezi wa dzulo ayi. Ukamalowa m'nyumba ya migolo uzinunkha munthu basi.

Gululo linali la anthu okonda wisiki wa chimanga wa kuno ku Kentucky, uja timati bourbon. Ankakumana kuseri kwa sitolo ya mowa ya a Wendell Combs ku Frankfort, ndipo kamodzi pachaka ankasonkherana n'kugula mgolo wathunthu kufakitale, n'kugawana mabotolo. Komatu migolo sifanana. Iwiri itha kudzazidwa tsiku limodzi, n'kugona moyandikana zaka zambirimbiri, wina n'kutuluka uchi, wina mankhwala a chifuwa. Ndiye pamafunika wosankha, ndipo wosankhayo anali a Harlan. Anthu ankangowatchula kuti a Mphuno. Ena onse ankalawa n'kunena zawo, koma a Mphuno akatsinzina n'kuloza kuti "uwu," nkhani inkathera pomwepo.

Amene analawa ukali wa lamuloli anali Boyd Sizemore, wokonza mapaipi a madzi. Chaka chimene analowa m'gulu anabwera atadzithira perefyumu amene mkazi wake anamugulira. A Harlan anamuimitsa pakhomo, anthu onse akuona.

"Iwe, wabwera kudzasankha mgolo kapena kudzafunsira mbeta? Munthu wosamva fungo lake lomwe angamve bwanji la mgolo? Kakhale m'galimoto."

Boyd anakakhaladi m'galimoto mpaka anzake kumaliza. Kuyambira tsiku limenelo dzina lake linasanduka Kaluwa, ndipo ankangoliyankha, nanga akanatani.

Chimene gulu silinkadziwa n'chakuti mphuno yotchukayo inali itafa. Chimfine champhamvu chinawagwetsa a Harlan mu Febuluwale. Chifuwa chinatha, kutentha thupi kunatha, koma fungo silinabwerere. Khofi anasanduka madzi otentha owawa. Udzu wotchetcha kumene, petulo, tsitsi la akazi awo, zonse zii. Lilime linkangodziwa kutsekemera, kuwawa ndi kuwotcha, zomwe ngakhale mwana amadziwa. Ankadziwa chinsinsichi ndi a Darlene okha, akazi awo.

"Auzeni anzanu aja, bambo. Matenda si mlandu."

"Zibwerera."

"Nanga zikapanda kubwerera?"

"Ndati zibwerera, mayi."

Zoona zake ankaopa. Chipumireni ntchito ku positi ofesi, panalibenso malo ena pamene anthu ankakhala chete iwo akatsegula pakamwa. Kunyumba anali mdala wofunsidwa ngati wamwa mapiritsi. Kuseri kwa sitolo ya a Wendell anali a Mphuno, ndipo sankafuna kukhala china.

Mu Novembala a Darlene anapita ku Ohio kukaona mdzukulu wobadwa kumene. Sabata yomweyo bondo la a Harlan linayamba kuvuta, ndipo nyumba ya migolo ndi masitepe okhaokha. Mng'ono wawo, woweta mahatchi, anawapatsa botolo la mankhwala otikitira miyendo ya hatchi. Anali oyera ngati madzi, ndipo kwa a Harlan analibe fungo ngati madzi omwewo.

M'mawa wa tsiku losankha anatsata lamulo lawo mwandondomeko. Anasamba ndi sopo wopanda fungo, anavala malaya ochapidwa ndi madzi okha, anadya buledi wouma osapaka kanthu. Kenako anakhala pabedi n'kutikita bondo lija ndi mankhwala a hatchi. Ataona kuti kukuzizirira bwino anatikitanso linalo, ndi m'chiuno, ndi pakhosi pomwe, manja n'kupukutira pathalauza.

Anthu asanu ndi atatu opita kukasankha anakumana pa sitolo ya a Wendell. A Harlan atatsika m'galimoto yawo, macheza anaduka. Iwo anayesa kuti ndi ulemu wa masiku onse. Anapita kwa Boyd, monga ankachitira chaka ndi chaka pofuna kuseketsa anthu, n'kuika mphuno pakolala yake, n'kukoka mpweya mwamphamvu.

"Eya, Kaluwa wakula. Lero ulibe fungo. Kwera."

Palibe anaseka. Renee, namwino amene ankaseka ngakhale nthabwala zozizira, anangoyang'ana nsapato zake. M'minibasi ya a Wendell mawindo onse anatsitsidwa, mphepo ya Novembala ikulasa m'makutu.

"Kodi mwapenga? Tsekani mawindowo," anatero a Harlan.

"Ndimachita chizungulire m'galimoto, bambo Tackett," anayankha Renee, maso ali kunja.

"Chiyambire liti?"

"Chiyambire lero," anatero a Wendell, n'kukweza wailesi.

Kufakitale anawalandira ndi mayi wina dzina lake Tamika. Anawatsogolera m'nyumba ya migolo, yamdima, yozizira, migolo itasanjikizana mpaka kudenga. Itatu inali itagonekedwa pansi kuwadikira. Tamika anagogoda zotsekera ndi nyundo yamtengo, n'kumiza chitoliro chamkuwa m'mgolo uliwonse, n'kuthirira aliyense m'matambula atatu. Atafika pa a Harlan anaima pang'ono, mphuno yake inagwedezeka, n'kuyang'ana a Wendell. A Wendell anapukusa mutu pang'onopang'ono, ndipo mayiyo anathira n'kupitirira.

A Harlan anali atakonza nzeru yawo kalekale. Adzayang'ana mtundu wa mowa pakuwala, adzawerenga nkhope za anzawo, ndipo mawu okometsera anali nawo ambiri m'mutu. Koma lero nkhopezo zinakana kuwerengeka. Anthu ankatenga matambula awo n'kumasuntha mmodzimmodzi kulowera kukhomo. Wina ankapukuta misozi. A Harlan anaganiza kuti mowawo ndi waukali, ndipo anasunga mfundo imeneyo kuti aigwiritse ntchito. Amene anatsala pafupi nawo anali Boyd yekha.

Ananyamula tambula yoyamba, n'kuizunguza, n'kulowetsamo mphuno. Munalibe kanthu, ngati kununkhiza galasi la pawindo. Komabe anatsinzina monga mwa masiku onse.

"Shuga wopserera, ndi khungu la lalanje patalipatali. Ndi wabwino, koma ndi mwana."

Yachiwiri inali yoderapo kuposa zinzake, choncho anasankhiratu mumtima. Anakhala nayo nthawi yaitali, akugwedeza mutu.

"Aaa, mwini nkhani ndi uyu. Matcheri akupsa, fodya wouma m'chigafa, ndi chikopa chakale. Ndi waukali, n'chifukwa chake misozi ikukutulukani. Wendell, bwera udzamve! Mwaimiranji kutali ngati mwaona njoka?"

"Tikumva konkuno, mzanga," anatero a Wendell ndi mawu otsika.

Yachitatu inali yotuwirapo. A Harlan anainunkhiza kamodzi n'kuikankhira kumbali.

"Awa ndi madzi otsukira mbale. Mayi, mgolo uwu mukagulitse kwa ena, osati ife."

Tamika ankapukuta chitoliro chake chomwe chinali chouma kale. Kenako Boyd anaika matambula ake pansi n'kuwagwira a Harlan pachigongono.

"Madala, tiyeni mukandithandize kutenga kanthu m'galimoto."

"Pakati pa ntchito? Ukatenge wekha."

"N'kolemera. Tiyeni."

Atafika pa minibasi Boyd sanatsegule kumbuyo. Anatsamira chitseko n'kukanda m'mutu, ngati munthu wofuna kuuza mwini nyumba kuti paipi yonse yaola.

"Madala, mwapaka chiyani?"

"Ine? Palibe. Ukundiyesa ndani?"

"Pabondopo."

"Aa, timankhwala ta hatchi. Tilibe fungo timeneto."

Boyd anawayang'ana nthawi yaitali, ndipo m'maso mwake munalibe chipongwe. Chikhala chinalimo, mwina zikanapepukako.

"Tili nalo, madala. Bulugamu weniweni, wosakaniza ndi zina zoyabwa m'maso. Tinakumvani musanatseke n'komwe chitseko cha galimoto yanu. M'katimo palibe amene wamva fungo la mowa. Mayi uja akuti ngakhale amene akugubuduza migolo kumtunda akufunsa kuti kwagwa chiyani."

A Harlan anakweza dzanja lawo n'kulinunkhiza. Anadziwa kuti n'zopusa, koma dzanja linapita lokha. Munalibe kanthu. Pamenepo zonse zinabwera pamodzi: mawindo otsitsa, chizungulire cha Renee, misozi ija, mutu wa a Wendell ukupukusidwa. Anthu onse aja anadziwa kuyambira pa sitolo. Anawaonerera akununkhiza kolala ya Boyd. Anawamvetsera akutchula matcheri ndi chikopa chakale, n'kumawasungira ulemu ngati mmene amachitira ndi munthu woledzera pamaliro. Manyazi anawagwira mpaka makutu kutentha. Anatsegula chitseko n'kukhala pampando, pomwe paja anakhala Boyd chaka chija.

"Chiyambire liti?" anafunsa Boyd.

"Febuluwale."

"Ndiye miyezi yonseyi, zija munkatiuza kuseri kwa sitolo..."

"Ndinkangoloweza za kale."

Boyd anaimba kamluzu kochepa, n'kuzungulira galimoto n'kukhala pampando wa dalaivala. Anatsitsa windo lake mwakachetechete.

"Bwerera m'kati," anatero a Harlan. "Ukaponye voti yako."

"Mphuno yanga yatha kale ntchito lero. Ndikhala konkuno. Ndimadziwa mmene nthawi imatalikira pampandopo."

A Harlan anadikira kuti mnyamatayo abweze mawu aja, a munthu wosamva fungo lake lomwe. Anali ndi ufulu wonse wowabweza. Koma Boyd anangotulutsa mtedza m'thumba n'kumatafuna, akuyang'ana khoma lakuda la nyumba ya migolo, pamene antchito ankatsegula zitseko zonse kuti mphepo ipite. Mawuwo anangozungulira m'mutu mwa a Harlan, m'liwu lawo lomwe, ndi kuseka kwa anthu kwa tsiku lija. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ankaudziwa mwambiwo, koma ankayesa ndi wa anthu ena.

Patapita nthawi anafunsa chinthu chimene anali asanafunsepo munthu aliyense m'gulumo.

"Boyd, wabwino unali uti?"

Boyd anasiya kutafuna. Kanali koyamba kumva dzina lake lenileni pakamwa pamenepo.

"Sindikudziwa, madala. Ine ndinaima pafupi nanu. Yonse itatu inkanunkha bondo lanu."

Dzuwa litapendeka a Wendell anatuluka n'kubwera pawindo, cholembera chakuda chili m'manja. Anati Tamika anabweretsa matambula atsopano, analawanso, ndipo asankha.

"Uti?"

A Wendell anatsokomola. "Wachitatu. Onse, popanda wotsutsa."

A Harlan anangogwedeza mutu.

"Bwera udzasaine, Harlan. Mgolo sutuluka wopanda dzina lako, ukudziwa mwambo wake."

Akanakonda kuthawira m'munda wa chimanga kuseri kwa fakitale, koma anatsika. Analowa m'nyumba ija Boyd ali pambuyo pawo, ndipo anthu anawapatukira njira, ena akupuma ndi pakamwa mosaonetsera. Pachivundikiro cha mgolo wachitatu panali mayina asanu ndi limodzi. Pamwamba penipeni anali atasiyapo malo aakulu, monga zaka zonse, pomwe a Harlan ankalemba kuti MPHUNO ndi zilembo zonenepa.

Anapereka cholembera kwa Boyd kuti ayambe. Boyd analemba dzina lake pansi pa enawo n'kubweza. A Harlan anayang'ana malo apamwamba aja, n'kuyang'ana anzawo. Renee ankamwetulira mowalimbikitsa, maso ake ali ofiira ndi bulugamu, ndipo chifundo chimenecho chinawapweteka kuposa chitonzo.

Anagwira m'mphepete mwa mgolo n'kugwada ndi bondo lodwala lija. Fungo liyenera kuti linakwera mwamphamvu, chifukwa kumbuyo wina analephera kudzigwira n'kuyetsemula. Pansi penipeni, pafupi ndi chitsulo chomangira mgolo, kunsi kwa dzina la Boyd, analemba ndi zilembo zazing'ono kuti Harlan Tackett.

Pofuna kudzuka bondo linakana, ndipo anachita kutambasula dzanja kuti Boyd awakoke.