Theka la Njinga Yamoto

"Kulemera kwake ngati mwana wa ng'ombe," anadandaula mwana wamkulu, akupukuta manja pathalauza. Iye ndi mlongo wake anali atangoikoka injiniyo pakona ya shedi n'kuikhazika pakati, pomwe kuwala kwa pakhomo kunkafika. Panali patatha masiku anayi chiwaikire m'manda bambo awo.

Mayi awo anaima pakhomopo atapinda manja. Iwo injini imeneyi anaidziwa isanasanduke chitsulo cha pakona. Inali ya njinga yamoto yomwe amuna awo anagula mosonkherana ndi mng'ono wawo, onse awiri tsitsi likadali bii. Panjinga imeneyo ndi pomwe mayiwa anakwera tsiku lokaonekera kwa apongozi, atagwira malaya a mnyamata wodzawakwatirayo ndi zala ziwiri zokha chifukwa cha manyazi. Pofika pamlatho anali atamukumbatira m'chiuno, manyazi atatsala kumbuyo ndi fumbi.

Kenako abale awiriwo anayambana. Chomwe chinatsitsa dzaye palibe akuchikumbuka bwino. Ena amati anali mafuta, ena amati wina anaitenga tsiku losakhala lake. Poti onse anali ouma mitu, anaigawana njingayo. Wamng'ono anatenga thupi ndi matayala n'kusamukira kutali, wamkulu anatsala ndi injini. Zaka makumi awiri ndi zitatu zinadutsa, palibe anakwerapo.

Kumaliro mlamuyo sanabwere. Miyendo inakana, anatero mkazi wake pafoni. Koma asanadule, mayi anamva mawu a nkhalamba akufunsa chapansipansi kumbuyo kwake: "Uwafunse, kodi injini ija ikadalipo?" Pomwepo mayi anatsimikiza zomutumizira injiniyo.

"Amayi, wogula zitsulo zakale abwera mawa," anatero mwana wamkuluyo. "Kutumiza chinthu ichi n'kutaya ndalama m'madzi. Kwa munthu woti ngakhale kumanda sanapondeko!"

"Ndalamazo ndi zanga. Iwe ungondibwereka msana."

Mwana wamkazi anaseka, kuseka koyamba m'nyumbamo sabata imeneyo. Iyeyo ndiye anali atayenda kukafunsa mitengo yotumizira. A kampani yotumiza katundu amayeza pasikelo, ndipo mtengo womwe anatchula ukanagula injini ina. A mabasi anangomva kuti muli mafuta, n'kupukusa mitu. Anatsala ndi dalaivala wa lole yonyamula matabwa, yemwe amadutsa kwa bambo aang'onowo kawiri pamwezi. Masana amenewo dalaivalayo anafika kudzaona katundu, bambo wamfupi, kamtengo ka machesi kali pakamwa.

Anaizungulira injiniyo kawiri. "Mayi, ine katundu wodontha sindinyamula. Mukhuthule oyilo yense. Mabowo onsewa mutseke ndi nsanza, fumbi lisalowe. Muikhazike m'tayala lakale kuti isamamve mabampu, muimange zingwe mbali zonse zinayi, kenako bokosi la matabwa. Ikamagwedera m'njira, tizitsulo topyapyala ta pamutupa timathyoka, ndiye mawa mudzati ndine."

"Oyilo wake uti?" anatero mwana wamkulu. "Ngati alimo, ndi phula lokhalokha."

Anakankhira beseni pansi pake, n'kutenga sipanala ya bambo ake pamsomali. Anakunga mkono poyembekeza kulimbana ndi dzimbiri, koma bawuti inamasuka ngati yamangidwa dzulo. Oyilo anatsika mwakachetechete, woyera ngati uchi, mpaka kuoneka pansi pa beseni.

Dalaivala analavula kamtengo kaja. Anaviika chala, n'kufikisa ndi chinzake. "Uyu sanathe ndi miyezi iwiri yomwe." Anagwira chitsulo cholizira injini, chija amaponda ndi phazi, n'kuchikankha ndi dzanja. Injini inapuma kamodzi, phuu, mofewa. "Injini yongokhala siyankha chonchi. Imauma m'kati, osatembenukanso. Iyi pali munthu ankaipukusa tsiku ndi tsiku."

Mayi anakhala pachitini cha penti. Phokoso limenelo ankalidziwa. M'mawa uliwonse, madzi osamba ali pamoto, amuna awo ankati akukaona ngati makoswe alowa m'shedi. Chitseko chinkalira, kenako phuu, phuu, phuu, katatu, n'kutuluka akupukuta zala. Iwo ankangoti ndi zochita za amuna, sanafunsepo. Ngakhale mwezi womaliza uja, mpweya ukuwathera panjira ya pakati pa khonde ndi shedi, makoswewo ankapitabe kukawaona.

Chisoni chinawagwira, chosakanikirana ndi mkwiyo. Nkhalamba yopusa! Zaka zonsezi kudikira munthu woti akanangomuimbira foni.

"Achimwene," anatero mwana wamkazi motsitsa mawu, "wa zitsulo uja abwera nthawi yanji?"

Mlongo wakeyo anamanganso bawuti ija, natuluka, nabwera akugubuduza tayala lomwe linali padenga la khola. Nsanza zitasowa, anatsitsa ovolosi ya bambo ake kuseri kwa chitseko, naiyang'ana kanthawi, kenako n'kuyamba kuing'amba timizere. Bowo lililonse analitseka yekha, mosamala, osalola mlongo wake kugwirako. Zingwe anazikoka mpaka dalaivala anati zakwana, azidula.

Atafuna kukhomera chivundikiro, mayi anamugwira mkono. Anapisa dzanja m'bokosimo n'kukankha chitsulo chija katatu. Anatenga pensulo yomwe inali kukhutu kwa mwana wawo, nawerama pathabwalo, nalemba pang'onopang'ono pansi pa dzina la mlamu wawo:

"Alamu, muziipukusa m'mawa uliwonse. Inazolowera."