Mpendero wa Makatani

Chipinda chimene malemu mayi ankasokeramo, mng'ono wanga anachisandutsa choonera kanema. Nditabwerera kwathu patapita zaka zambiri, ndinapeza ntchito yatsala imodzi: kutseka ndi makatani zenera lalikulu limene mayi ankalowetserapo ulusi pasingano.

Makataniwo anasoka ndi mlongo wathu wamkulu, akuda bii, olemera ngati bulangete. Ine ndinakwera pampando n'kuwakoloweka pachitsulo. Titawakoka, mdima unagwa, koma kunsi kunatsala kamzere ka dzuwa pasimenti.

"Achemwali, mwafupikitsatu! Kanema ndi kuwala siziyenderana," mng'ono wanga anadandaula akutulutsa lezala. "Tiphwasule mpenderowu."

"Mayi ankati makatani asamakhudze pansi, amanyowa pokolopa," achemwaliwo anayankha motsitsa mawu. "Manjawa angochita okha."

Mng'ono wanga anatembenukira kwa ine. "Achimwene, inu mwaona maiko. Tiweruzeni."

Maiko ndinawaonadi, ndipo zipinda zamdima ngati ichi zili konsekonse. Koma kamzereko kanagona pamalo penipeni pamene mapazi a mayi ankapalasira makina.

"Mdima wagula wokwanira, mphwanga," ndinatero. "Uwasiyireko kuwalako amayi."

Anayang'ana pansipo nthawi yaitali, kenako anabweza lezala m'thumba.