A Kampasi Asankha Cholozera Njira

"Ichinso ayi," anatero a Kampasi, akukankhira kumbali kachipangizo kena pakauntala. "Chikulankhula ngati apongozi. Khotera kumanja, khotera kumanzere, bwerera! Chinthu ndigule ndekha, chizikandikalipiranso m'galimoto yanga yomwe?"

"Mawuwo amazimitsika, bambo," anayankha mayi wogulitsa, akukweza magalasi ake pamphuno.

"Ndiye apongozi abwino amenewo. Anga sankazimitsika."

Mayiyo anaseka, koma mwana wa a Kampasi sanaseke. Iyeyu anali wachisamba, ndipo pakhomo onse ankangomutchula kuti Namwino chifukwa cha ntchito yake. Tsikulo anapempha kuti alowe masana kuchipatala, ndiye maso ake ankangothamangira pawotchi. Bambo ake anali atakana kale zipangizo zonse zimene zinali m'kabati yakumanzere. China akuti chachikulu ngati wailesi ya kanema, china chaching'ono ngati bisiketi, china chili ndi mtundu wa mankhwala a makoswe.

Dzina loti Kampasi sanalitole panjira. Anawapatsa ndi madalaivala anzawo a malole, masiku amene ankadutsa malire popanda mapu. Munthu akasokera ankaimbira iwo, iwo n'kungoti, "Ukaona thanki yamadzi yopendama, khota," ndipo thankiyo inkapezekadi. Atapuma pantchito anayamba kuweta njuchi kuphiri. Loweruka lililonse ankayendetsa galimoto mpaka pothera msewu, n'kulowa m'nkhalango wapansi kukaona ming'oma yawo. Koma Loweruka lapitalo anatulukira kuseri kwa phiri, chidebe cha uchi chili m'manja, akufunsa amayi otola nkhuni kuti wawabera galimoto ndani. Amayiwo ndi amene anawaperekeza mpaka pamene foni inagwira netiweki.

Namwino sanawakalipire. Anangowauza mofatsa, mmene amauzira odwala okana jakisoni, kuti asankhe chimodzi: agule GPS, kapena apereke makiyi a galimoto. Makiyiwo tsopano anali m'thumba la jekete, ndipo dzanja la a Kampasi silinkachokamo.

"Ine sindinasokere," anatero a Kampasi, ngakhale panalibe amene anawafunsa. "Adula mitengo imene ndinkaonera njira. Madzi saiwala khwawa, mayi inu."

"Safunsa anadya phula, ababa," anatero Namwino.

"Phulalo ndimalidziwa kuposa iwe. Ndimagulitsa."

Mayi wogulitsa anaona kuti akapanda kulowererapo adzatseka sitolo awiriwa akukanganabe. Anatulutsa zipangizo ziwiri n'kuziika pamodzi. Choyamba chinali chophwatalala, cha sikirini yaikulu, chomamatiza pagalasi lakutsogolo. Chimenecho, iye anatero, chimadziwa misewu ndi mphambano, koma mukachichotsa m'galimoto batire lake silichedwa kutha, komanso mvula sichigwirizana nayo. Chachiwiri chinali chonenepa ngati sopo wochapira, cha mabatani olimba ndi chingwe chokolekera m'khosi. Chimenecho sichiopa mvula, sichifuna netiweki ya foni, ndipo mabatani ake amadinika ngakhale mutavala magolovesi a njuchi.

"Mukatsika m'galimoto mumadina apa, icho n'kusunga malowo," anatero mayiyo. "Kaya mulowe m'nkhalango mpaka kuti, kamuvi aka kadzakubwezani pomwepo."

"Tingotenga zonse ziwiri," anatero Namwino msanga. "China cha pamsewu, china cha kuphiri."

"Uzindimangiriranso belu m'khosi ngati ng'ombe," anatero a Kampasi.

Koma chonenepacho anachinyamula. Anachitembenuza, anachigwedeza pafupi ndi khutu, anachiyesa m'thumba la malaya. Mtima wawo sunali m'malo. M'sitolomo munkawatentha, nyimbo ya m'denga inkawasokosa, ndipo chimene chinkawapweteka koposa chinali kuona mwana amene anamuphunzitsa okha kugwira chiwongolero akunong'onezana ndi mlendo za mutu wawo.

"Muno sichiona kumwamba bwino," anatero wogulitsa. "Tiyeni pakhomo."

Pakhonde la sitolo mayiyo anadikira pang'ono, kenako anadina batani. "Onani, ndasunga khomo lino. Tsopano inu pitani pagalimoto yanu mukadine chimodzimodzi. Mukatero muzungulire uko, muone ngati sichikubwezani."

Namwino anakonza chikwama paphewa kuti awatsatire.

"Khala pompano, amayi," anatero a Kampasi kwa mwana wawo. "Kupita pagalimoto yanga ndifunenso wondigwira dzanja?"

Anatsika masitepe mwamphamvu, chifuwa patsogolo. Malo oimikapo magalimoto anali aakulu, a masitolo onse a pamenepo, ndipo dzuwa linali litakwera moti magalasi onse ankathobwa m'maso. Analowa mumzere woyamba. Munalibe. Analowa wachiwiri akung'ung'udza kuti anthu a masiku ano amaimika magalimoto ngati mbuzi m'khola. Munalibenso. Anabwerera, anadutsa pakati pa minibasi ndi lole ya zakumwa, n'kutulukira pafupi ndi mulu wa matirole onyamulira katundu amene anakhulupirira kuti awadutsa kale.

Anayang'ana kachipangizo kaja. Kanalibe chonena, poti malo a galimoto anali asanawasunge. Anakabweza m'thumba n'kuwonjezera liwiro. Thukuta linayamba kuyenderera m'khosi. Galimoto ina inawaimbira hutala, dalaivala wake n'kutulutsa mutu pawindo.

"Madala, msewu uno si pakhonde panu!"

Tsiku lina akanamuyankha mpaka kumuphunzitsa kuyendetsa. Lero anangokweza dzanja n'kupatuka. Ankafunafuna pikapu yoyera ya denga la lona, yophwanyika pang'ono kumbuyo. Maso awo ankadumpha galimoto iliyonse imene sinali yoyera. Anafika mpaka kumpanda, anazungulira kanyumba ka mlonda, anabwereranso. Atatopa anatsamira kagalimoto kena kofiira kuti apume.

Ali chitsamire choncho, zinawabwerera. Pikapu yoyera ija anaigulitsa kalekale, chaka chimene anamwalira mayi a Namwino. Anaiperekeza okha mpaka pageti, wogula akuiyendetsa.

Nanga lero abwera pa chiyani? Anayesa kukumbukira, koma m'mutu munali zii. Anakumbukira tiyi wa m'mawa, anakumbukira Namwino akumanga lamba pambali pawo, koma mtundu wa galimotoyo unakana kubwera. Mantha anawagwira, mantha enieni, oposa a kuphiri aja, chifukwa kuno kunalibe mitengo yodulidwa yoti ainamizire.

Anatulutsa makiyi n'kudina batani lotsegulira. Kagalimoto kofiira kamene anatsamirako kanalira kumbuyo kwawo, nyali zake n'kuphethira.

A Kampasi anadzidzimuka ngati alumidwa. Anasuzumira pawindo. Pampando wakumbuyo panali chipewa chawo cha ukonde ndi chofukizira utsi, ndipo pansi panali nsapato zoyera za Namwino. Anatsegula chitseko, anakhala pampando, anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri. Mpando unali pamuyezo wa miyendo yawo. Manja ankadziwa chilichonse: magiya, mabuleki, kalilole. Anaganiza za msewu wa kuphiri, mmene umatsetserekera pafupi ndi sukulu, ndi ana amene amadumpha msewuwo osayang'ana. Kamuvi kangawauze kokhotera, inde. Koma tsiku limene m'mutu mudzachite zii ali pamtsetse umenewo, kadzawauza chiyani? Chakudza sichiimba ng'oma.

Anakhala momwemo mpaka thukuta linauma. Kenako anatuluka, anatseka chitseko, n'kuyang'ana uku ndi uku. Masitolo onse anali ndi makhonde ofanana ndi zitseko zagalasi zofanana. Sanayese n'komwe kulota. Anatulutsa kachipangizo kaja n'kusankha khomo limene mayi uja anasunga, ndipo kamuvi kanatembenuka n'kuloza kumbuyo kwawo, kumene iwo sakanapita. Anakatsatira pang'onopang'ono, mutu uli pansi, ngati mwana wotsatira amake kumsika.

Namwino anali pakhonde, foni ili m'manja, akuchita ngati akuwerenga uthenga. Pamene anaimapo pankaoneka malo onse oimikapo magalimoto, mpaka kumpanda. Maso ake anali ofiira.

"Mwachedwatu, ababa," anatero.

"Ndimachiyesa bwinobwino. Mbuzi sagula ili m'thumba."

Analowa m'sitolo. Mayi wogulitsa anawalandira ndi nkhope ya malonda. "Chakubwezani?"

"Chandibweza. Chilibenso mwano. Ndatenga chomwechi."

"Mwasankha bwino. Ndiye ndikuwonjezereni cha pagalasi chija? Kapena pali kopanira kake, kameneka mukhoza kumakamangirira pafupi ndi chiwongolero."

"Musavutike, mayi. Chingwe cha m'khosi chokwanira."

"Nanga pamsewu, ababa?" anafunsa Namwino. "Tinagwirizana kuti..."

A Kampasi anapisa dzanja m'thumba la jekete. Anatulutsa makiyi, anagwira dzanja la mwana wawo, anawaika m'chikhatho n'kupinda zala zake chimodzichimodzi, mmene ankachitira pomupatsa switi ali wamng'ono. Namwino anawafuna makiyiwo sabata yonse, koma atawalandira anawayang'ana ngati amupatsa khala lamoto.

"Sindinanene kuti lero," anatero motsitsa mawu. "Mwagula kale. Mukhoza kuyendetsabe, tizingoona mmene..."

"Pamsewu uzindilozera ndiwe. Iwe suzimitsika, koma ndakuzolowera." Anakoleka chingwe m'khosi n'kukonza kolala ya malaya. "Loweruka ubwere m'mawa, ukandisiye pothera msewu. Kuyambira pamenepo ndi ine ndi kamuvi kanga. Njuchi sizidziwa kuti ndakalamba."

Namwino anangopukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, wogulitsa n'kupeza chochita m'kabati.

Atafika pa kagalimoto kofiira, miyendo ya a Kampasi inawatengera yokha kuchitseko cha dalaivala. Anagwira chogwirira, anaima kanthawi, n'kuchisiya. Kenako anazungulira kutsogolo kwa galimotoyo, akuisisita boneti, n'kukaima mbali inayo kudikira kuti mwana wawo awatsegulire.