Mzere Umene Wailesi Inatafuna

Miyezi itatu yathunthu, Chete anali asanatulutseko mawu m'gulu loimba lija. Ankangoyasamula kukamwa ngati nsomba ya m'beseni. Dzinali anam'patsa ndi azakhali ake, omwenso anam'kokera kugululo atangomaliza mayeso, ati manyazi amuthe. Iye ankaopa chinthu chimodzi basi: kugwidwa kuti saimba.

Gululo linali la anthu asanu ndi awiri, lopanda gitala kapena ng'oma. Linkakumana Loweruka masana m'shopu ya atelala, pakati pa makina awiri ndi madiresi osamaliza. Nyimbo zakalezo ankaziphunzira pa kaseti imene atelala anaipeza m'sutikesi ya malemu bambo awo. Pa nyimbo ina, ya munthu wodikira sitima, wailesi inatafunapo tepi, atelala n'kudula, n'kulumikiza ndi selotepi. Mzere umodzi unapita. Akafika pamenepo onse ankakhala duu, kuwerenga chamumtima kanayi, n'kupitiriza.

Loweruka lina Chete anatsinzina kuti aoneke ngati nyimbo yam'lowa. Anzake atakhala duu, milomo yake inapitirizabe ntchito.

"Taimani kaye," anatero atelala. "Mwanawe, pakamwa pako pamayenda. Ukuudziwa mzere wodukawo?"

Kukana kunali kuulula miyezi itatu yonse ija. Mutu wake unagwedezeka kuvomera, osam'funsa n'komwe mwini wake.

"Uyu?" anatero azakhali. "Moni weniweniyu timachita kum'kama."

"Musiyeni aimbe, mayi."

Maso a Chete anathawira pashelefu, n'kukatera pa botolo la mabatani. Ndi kamawu konga ka udzudzu anaimba: "Batani la malaya anga lagwera m'njanji."

Kenako ometa tsitsi, amene ankaimba besi, anadzimenya pantchafu.

"Eya, ndi momwemo. Amayi anga ankaimba choncho akamachapa."

"Mayi anu aja ankaimbanso? Ife timangowadziwa ndi kukalipa," anatero atelala, koma anali atayamba kale kulemba mzerewo pachitseko ndi choko cholembera nsalu. Atamaliza anatembenukira kwa Chete. "Poti waukumbuka ndiwe, pamenepa uziimba wekha. Ife tizikudikira."

Pobwerera kunyumba, atafika pamphambano, azakhali anatsegula pakamwa.

"Batani," anatero, akuyang'ana kutsogolo. "Ukanacheukira kumanzere, bwenzi tikuimba za kabudula wong'ambika wa ometa aja."

Chete anali akuwerenga masiku otsala kuti Loweruka lifike, ndipo anali ochepa.